Sorry, regret, apologise, remorse: ife timangoti pepani, nanga Chingerezi chimagawa bwanji?

Mphunzitsi watsopano, Nkando:
Moni akuluakulu nonse. Sabata yamawa a Fomu 3 ayamba kalata yopepesa, koma m'makope mwawo mawu anayi akungosinthanitsidwa ngati ndi amodzi: sorry, regret, apologise ndi remorse. Wina walemba "I am remorse for coming late", wina "I regret you for the noise". Akatsegula dikishonale, liwu lina likumasuliridwa ndi linzake, basi kumangozungulira. Ndiwagawire bwanji kuti amve?

Madamu a Chingerezi, Luchenza:
Aphunzitsi, musayambe ndi matanthauzo. Yambani ndi mafunso awiri pa bolodi. Loyamba: wolankhulayo akuvomera kuti wolakwa ndi iye? Lachiwiri: mawuwa akupita kwa munthu wina, kapena ndi zomwe akumva yekha mumtima?

Apologise ndi kupepesa. Ndi chinthu chochita ndi pakamwa kapena ndi cholembera, pamakhala wolandira, ndipo wopepesayo wavomera kulakwa. Regret ndi kunong'oneza bondo. Zili mumtima, wolandira safunika, ndipo munthu atha kuchita regret pa chinthu chomwe sichinapweteke aliyense koma iye mwini, monga kugulitsa chimanga chonse mu Meyi mtengo uli pansi. Remorse ndi chikumbumtima chikamakudya chifukwa wachitira wina choipa chachikulu. Kuchedwa ku asembule sikufika pamenepo. Sorry ndiye wa ponseponse, amalowa pa kulakwa, pa chisoni, ngakhale pofuna kuti munthu abwereze zomwe wanena.

Kenako awonetseni mtundu wa liwu lililonse, chifukwa zolakwa zambiri zimachokera apa. Sorry ndi mfotokozi, choncho amafuna am, is kapena are patsogolo. Apologise ndi mneni, dzina lake ndi apology. Remorse ndi dzina basi, mneni wake kulibe, ndipo silichulukitsidwa. Munthu amati feel remorse kapena show remorse, mfotokozi wake ndi remorseful. Regret yekha ndi amene ali mneni komanso dzina.

Kalaliki wa ku esiteti, Thyolo:
Ndionjezere za aperekezi, poti makalata ambiri amene amafika mu ofesi amagwera pomwepa. Apologise amatenga to kwa munthu ndi for pa cholakwa: "I apologise to the supervisor for leaving early." Kuchotsa to n'kulemba "I apologise you" n'kulakwa. Regret akakhala mneni safuna mperekezi aliyense: "I regret my words." Anthu amaika for chifukwa anazolowera sorry for, ndiye mumaona "I regret for what I did". For ameneyo achoke. Ndipo munthu sumuchita regret mwachindunji monga analembera mwana uja. "I regret you" mzungu angamve ngati ukudandaula kuti unakumana naye n'komwe.

China chomwe chafala pa foni ndi "I apologies". Apologies ndi dzina lochulukitsa, limayenda ndi my: "My apologies." Ndi I pamafunika mneni, "I apologise". Kalembedwe: p mmodzi, l mmodzi. Regret akalandira -ed, -ing kapena -able, t amakhala awiri: regretted, regretting, regrettable.

Mphunzitsi watsopano, Nkando:
Zikomo bambo. Nanga apologise ndi apologize, wolondola ndi uti? Foni imandisinthira yokha.

Madamu a Chingerezi, Luchenza:
Onse ndi olondola. Wa z ndi amene amalemba a ku America, ndipo ngakhale ku Britain mabuku ena amalemba z. Kuno tinatsatira kalembedwe ka ku Britain, choncho ana azolowere wa s. Chofunika n'choti m'chimangirizo chimodzi asasakanize.

Koma chomwe ndikufuna muchikhalire pansi ndi ichi: regret doing ndi regret to do si chinthu chimodzi. Regret ndi -ing amayang'ana m'mbuyo, zinachitika kale: "I regret telling him" ndiye kuti ndinamuuza, ndipo pano ndikuti ndikanangokhala chete. Regret ndi to amayang'ana zomwe ndikunena pompano, uthenga wosakoma ukubwera: "I regret to tell you that the trip is cancelled." Uyu wa to amayenda ndi aneni ochepa okha a kuuza: say, tell, inform, announce, advise. Choncho mwana akalemba "I regret to miss your lesson yesterday" walakwa pawiri, miss si mneni wa kuuza, ndipo yesterday ikufuna missing. Funso la mtundu uwu limakonda kubwera pa galamala, ndipo Chingerezi si phunziro loseweretsa pa MSCE, ukalephera setifiketi palibe.

Kalaliki wa ku esiteti, Thyolo:
"We regret to inform you" ameneyo aliyense amene anafunsirapo ntchito amamudziwa. Ukangowerenga mawu asanuwo, zotsalazo n'kungotsimikiza. Koma onani bwino, ofesi sikupepesa pamenepo. Sinalakwe kanthu posankha munthu wina. Ikungonena kuti uthengawu si wokoma. Kalaliki akasintha n'kulemba "We apologise for not selecting you", waipatsa kampani mlandu womwe ilibe, ndipo wofunsira ntchito wochenjera atha kufunsa kuti ngati mukupepesa, munalakwitsa pati? N'chifukwa chake kalata yokana imakhala ndi regret kapena unfortunately, pomwe kalata ya malipiro ochedwa imayenera apologise, poti apo ofesi ndi imene yalephera.

Wolondolera alendo, Likhubula:
Ine mbali yanga ndi ya pakamwa. Mlendo akaterereka pa mwala potsika phiri, anyamata onse onyamula katundu amanena pamodzi kuti "Sorry, sorry!" Mlendo wa ku Britain kapena ku America nthawi zambiri amayankha kuti "It's not your fault." Anyamata amadabwa, ndani wanena kuti ndi vuto lathu? Ife tikutanthauza pepani wa chisoni uja, amene timanena munthu akapunthwa, akadwala, akataya ndalama. Iwo sorry wongoima yekha pamalo ngati amenewo amamumva ngati kuvomera kuti ndiwe wamugwetsa. Zomwe amayembekezera ndi "Are you all right?" kapena "Are you hurt?" Ngati ukufunabe sorry, umuveke: "I'm sorry to hear that" munthu akakuuza vuto lake.

Ndiye pali excuse me. Lamulo losavuta lomwe timauza anyamata atsopano: excuse me asanachite, sorry atachita. Ukufuna kudutsa pakati pa anthu pa khonde la nyumba yogona ya m'phiri, ndi excuse me, pamene ife timati zikomo. Waponda phazi la munthu, ndi sorry. Anyamata ena amamasulira zikomo uja n'kumadutsa akuti "thank you, thank you", mlendo n'kumayang'ana kuti ndapereka chiyani.

Mkulu wopuma pa uphunzitsi, Bvumbwe:
Apa ndiye ndikutsutsaniko pang'ono achimwene. Sorry wa chisoni uja si kulakwa. Amanenedwa ku Malawi, ku Zambia, ku Kenya, ku Nigeria, ndipo aliyense kumeneko amamva. Chingerezi chinasiya kalekale kukhala cha a ku London okha. Mwana akaona mnzake wagwa n'kunena sorry, wasonyeza umunthu, ndipo mphunzitsi womudzudzula akupha chinthu chabwino. Mzungu wobwera ku Mulanje aphunzireko nayenso.

Wolondolera alendo, Likhubula:
Sindikukana bambo. Alendo ambiri pofika tsiku lachiwiri amakhala atazolowera, ena mpaka amakondwa nazo. Koma pali nthawi imene zimavuta: chikwama chagwera mu mtsinje, kamera yanyowa, mnyamata amene sanachigwire n'komwe ndi amene wayamba kunena sorry. Mlendo amakumbukira nkhope ya amene ananena sorry.

Madamu a Chingerezi, Luchenza:
Nonse muli ndi mfundo. M'kalasi ine ndimagawa chonchi: pocheza ndi Amalawi anzathu, sorry wa chisoni palibe vuto. Pa pepala la mayeso ndi m'kalata ya ku ofesi, mwana asonyeze kuti akudziwa kusiyanitsa. Sorry for ndi -ing ndi pa zomwe wachita iwe: "sorry for shouting". Sorry about ndi pa zomwe zachitika, kaya wachititsa ndani: "sorry about the rain". Sorry to hear ndi pa uthenga womwe walandira. Ndipo muwachenjeze za "I feel sorry for you". Si kupepesa, ndi kumvera munthu chisoni, ndipo ukamuuza pamaso nthawi zambiri zimamveka ngati ukumuyang'anira pansi. "You will be sorry" ndiye ndi chiopsezo chenicheni, ngati kunena kuti uona.

Mlembi wa komiti ya sukulu, Chonde:
Pa maliro ndi pamene pamafunika kusamala kwambiri. Chipepeso ndi kupepesa kwa ife n'zochokera pa tsinde limodzi, ndiye munthu amatsegula dikishonale, wapeza apologise, walemba "We apologise for the death of your mother." Pa Chingerezi wavomera kuti wapha mayiwo ndi iye. Mawu a pamaliro ndi condolences, pafupifupi nthawi zonse mochulukitsa: "Please accept our condolences on the death of your mother." Pali sympathy: "with deepest sympathy". Kwa mnzako wapafupi, "I am so sorry for your loss" kapena "I was sorry to hear about your father". "Sorry for the funeral" amene timamva kawirikawiri sakhala bwino pa pepala, akumveka ngati mwambo wa malirowo ndi umene unasokonekera. Polengeza, ndi pamene regret amabwerera: "We regret to announce the death of", monga zimalembedwera m'nyuzipepala.

Ndi za maminitsi ndinenepo. Mutu woti Apologies pamwamba pa maminitsi si malo olemba anthu amene analakwira komiti. Ndi mayina a amene anatumiza uthenga kuti sabwera. Amene sanabwere osanena kanthu amalembedwa pa Absent. Pa khadi la ukwati kapena phwando, "send your regrets" ndi chimodzimodzi, kudziwitsa mwaulemu kuti sufika.

Womasulira wa kukhoti, Mulanje:
Remorse ndi liwu la kwathu kuntchito, ndipo Madamu anena zoona kuti si la kuchedwa ku asembule. Munthu akapezeka wolakwa, asanapatsidwe chilango amapatsidwa mpata wonena zomwe khoti liganizire pomuchepetsera. Chimodzi mwa zomwe woweruza amayang'ana ndi ngati wasonyeza remorse, ndipo kuvomera mlandu msanga osatayitsa khoti nthawi kumatengedwa ngati chizindikiro chake. Kusiyana kwake ndi regret kumaonekera pa amene munthuyo akumulirira. Wakuba mbuzi amene akuti "ana anga avutika ndikapita kundende, ndikanadziwa sindikanapita usiku umenewo" ali ndi regret. Akudandaula zomwe zamugwera. Amene akuti "mayi aja ndinawalanda mbuzi yomwe amadalira pa fizi ya mwana, ndibweza" ndi amene akusonyeza remorse, maso ake ali pa wolakwiridwa. Ndikanadziwa ndikanaphika therere uja ndi regret weniweni, mulibe remorse ngakhale pang'ono.

Liwu lovuta kwa womasulira ndi kudandaula. Woimbidwa mlandu akati "ndikudandaula kwambiri bwana", atha kutanthauza zinthu zitatu: akumva chisoni ndi zomwe anachita, akupempha chifundo, kapena sakukhutira ndi momwe mlandu wayendera. Womasulira wothamanga akanena "I am complaining", woweruza amalemba kuti munthuyu alibe chisoni, pomwe mwina amapepesa. Njira yake ndi kupempha khoti kuti munthuyo afotokoze chomwe akudandaula, kenako n'kusankha pakati pa "I am sorry for what I did", "I plead for leniency" ndi "I am not satisfied". Kungolota n'koopsa, ndi ufulu wa munthu umene uli pamenepo.

Chenjezo lina laling'ono: remorseless sikuti amangotanthauza wopanda remorse. Nthawi zambiri amanena za chinthu chankhanza chosaleka, monga mvula yosakata.

Abusa, Thekerani:
Mwasiya limodzi la ife, repent. Kulapa. Remorse imathera mumtima, munthu atha kudziimba mlandu usiku wonse osasintha kanthu. Repent ndi kutembenuka, kusiya njirayo. Omasulira Baibulo m'Chingerezi analimbana nazo pa Mateyu 27:3, pa Yudasi atabweza ndalama zasiliva makumi atatu. Baibulo la King James la 1611 linati "repented himself", pomwe la New International Version linati "seized with remorse", posonyeza kuti chisoni chinamugwira koma sanabwerere kwa amene anamulakwira. Pa kagwiritsidwe, ndi "repent of your sins", mperekezi wake ndi of, dzina lake repentance. Kunja kwa tchalitchi liwuli limamveka lolemera kwambiri. Wogwira ntchito akalembera abwana ake kuti "I repent for my absence", zimaseketsa. Abale athu a Katolika ali ndi contrition, chisoni cha pa machimo, ndipo mfotokozi wake contrite amapezekanso m'nyuzipepala ponena za munthu amene akuoneka kuti wagonja ndithu.

Mphunzitsi watsopano, Nkando:
Zikomo abusa. Koma ndiye regret ndi apologise, ngati munthu walakwadi, si kungosankha lomwe lakukomera?

Mphunzitsi wa mbiri, Goliati:
Ayi ndithu aphunzitsi, maboma amakangana zaka pa mawu awiri amenewa. Mu Juni 2013 boma la Britain linavomera kulipira mapaundi 19.9 miliyoni kwa anthu 5,228 a ku Kenya amene anazunzidwa nthawi ya Mau Mau, gulu lomwe linkalimbana ndi ulamuliro wa atsamunda. William Hague, yemwe anali nduna yoona za kunja, anauza nyumba ya malamulo kuti boma "sincerely regrets" nkhanzazo, koma ananenetsa kuti silikuvomera mlandu pamaso pa lamulo. Mfumu Charles itapita ku Kenya mu Okutobala 2023 inalankhula za "deepest regret", ndipo anthu ambiri kumeneko anadandaula kuti apology sinamveke. Ku Australia, mu 1999 nyumba ya malamulo pansi pa nduna yaikulu John Howard inagwirizana pa mawu oti "deep and sincere regret" kwa eni nthaka, koma Howard anakana kupepesa m'dzina la boma. Sorry anadzanenedwa ndi nduna yaikulu ina, Kevin Rudd, pa 13 Febuluwale 2008, ponena za ana amene analandidwa kwa makolo awo. Regret imati zinachitikazo n'zomvetsa chisoni. Apologise imati tinachita ndife. Maloya amadziwa kuti lachiwirilo lingatsegule khomo la chipukuta misozi, n'chifukwa chake amalizemba.

Mkulu wopuma pa uphunzitsi, Bvumbwe:
Ndipo andale athu anaphunzira bwino phunziro limeneli. Mukamva "the incident is regrettable" dziwani kuti palibe amene wavomera kanthu. Apa mpomwe ana asiyanitse regrettable ndi regretful. Regrettable ndi chinthu kapena chochitika, chosayenera kuti chichitike. Regretful ndi munthu amene akumva chisonicho. Chigamulo chimakhala regrettable, wogamulayo ndi amene angakhale regretful. Mwana akalemba "I am very regrettable" wanena kuti kubadwa kwake ndiye kunali kolakwika. Aonjezi ake amatsata momwemo: regrettably ali pafupi ndi unfortunately, regretfully ndi kuchita chinthu uli ndi chisoni, "she regretfully declined". Eni chiyankhulo ambiri amasakanizanso awiriwa, koma woyesa mayeso sadzamva zimenezo.

Kalaliki wa ku esiteti, Thyolo:
Poti phunziro lanu ndi la kalata, aphunzitsi, nayi ndondomeko yomwe imagwira ntchito. Chiganizo choyamba chitchule cholakwa ndi tsiku lake: "I am writing to apologise for missing the test on Monday." Chachiwiri chifotokoze chifukwa mwachidule, mzere umodzi kapena iwiri, osati mbiri ya mudzi wonse. Chachitatu chivomere zotsatira zake kwa winayo. Chachinayi chinene chomwe uchite pokonza, poti pepani sapoletsa chilonda. Mawu awiri oti apewe ndi if ndi but. "I am sorry if I offended you" ndiye kuti sukuvomera kuti unamulakwira, ukukayikira. "I apologise, but the bus was late" but uja wafufuta zonse zam'mbuyo. Chifukwa chiime pa chiganizo chakechake. Ndipo apologise mmodzi koyamba ndi wina kumapeto akwana. Makalata ena amakhala ndi sorry kasanu ndi kawiri, "please please forgive me", "I kneel down before you", mpaka wowerenga sapeza kuti cholakwacho n'chiyani. Kugwada ndi ulemu wathu ndipo pamaso pa munthu kuli ndi malo ake, koma m'kalata ya Chingerezi kumaoneka ngati sewero.

"We apologise for any inconvenience caused" ndi wa pa zidziwitso za anthu ambiri, monga madzi akatsekedwa. Kulembera munthu mmodzi amene wamulakwira zenizeni, any ameneyo amamveka ngati sukudziwa n'komwe kuti wamupweteka pati.

Madamu a Chingerezi, Luchenza:
Musaiwalenso kuti nthawi zambiri mzungu akamanong'oneza bondo satchula regret n'komwe. Amati "I wish I had studied", "If only I had listened", "I should have asked". Ndikanadziwa wathu ali mmenemo. Pambuyo pa wish, zinthu zakale zimafuna had ndi mneni wa mtundu wachitatu: "I wish I had gone", osati "I wish I went yesterday", ndiponso osati "I wish I would have gone" pa mayeso. Should have amalembedwa have, ngakhale pakamwa amamveka ngati of. Palinso "I'm afraid", yemwe ana amamasulira kuti ndikuopa. "I'm afraid the headteacher is out" mulibe mantha, ndi kufewetsa uthenga basi, mng'ono wake wa "I regret to say".

Womasulira wa kukhoti, Mulanje:
Rue bwanji Madamu? Amapezeka m'mitu ya nkhani za mpira.

Madamu a Chingerezi, Luchenza:
Ameneyo angomuzindikira powerenga. Ndi regret wachikale, watsala mu "rue the day" ndi m'mitu ngati "rue missed chances", poti ndi wamfupi, zilembo zitatu zimakwana pa mutu wa nkhani. Rueful smile ndi kumwetulira kwa munthu amene wadziwa kuti wadzipusitsa yekha. M'kalata ya kwa ahedi asamuyese.

Mphunzitsi watsopano, Nkando:
Ndathokoza nonse. Ndiwapatsa ziganizo khumi zokhala ndi mpata, asankhe liwu n'kunena chifukwa: ya maliro, ya kukana ntchito, ya kuponda phazi, ya kukhoti, ndi zina. Nanga "Am sorry" wopanda I uja ndidule malikisi kapena ndingozunguliza?

Madamu a Chingerezi, Luchenza:
Dulani. Pa Chichewa ndi- ali kale mkati mwa mneni, n'chifukwa chake ana amaona ngati am akukwanira yekha, komanso I'm ndi am pakamwa pathu zimamveka pafupifupi mofanana. Pa Chingerezi mwininkhani ayenera kuoneka: I am sorry, kapena I'm sorry pa kalata ya kwa mnzake. Pa kalata ya ku ofesi alembe mawu onse awiri, osafupikitsa.

Mkulu wopuma pa uphunzitsi, Bvumbwe:
Ulendo woyamba zungulizani ndi cholembera chofiira, wachiwiri ndiye mudule. Ndipo pa ziganizo khumizo muikepo ziwiri zooneka ngati zofanana koma mayankho ake ali osiyana, monga "I ____ the delay" pambali pa "I ____ for the delay", aone okha kuti for uja ndi amene akusankha pakati pa regret ndi apologise.